Bambo Mateyo ndi Ndege Yotera Pamadzi

Malemu bambo Lackson Mateyo, agona apawa, anabadwa pa 9 Meyi 1934 konkuno kwa Malemia. Mu Disembala 1946, Napolo atatsika m'phiri, madzi anakokolola mayi awo iwo akuona. Kuyambira pamenepo, mtambo ukangoda ku Malosa, nkhope yawo inkagwa.

Sukulu anaphunzira ku Domasi Mission mpaka 1952. Kumeneko anaona m'buku chithunzi cha ndege yankhondo yamakedzana ya Ajeremani: mapiko awiri osanjikizana, mpando wa munthu mmodzi, mfuti kutsogolo, ndipo kunsi, m'malo mwa matayala, timabwato tiwiri toti izitera pamadzi. Chithunzicho sichinawachoke m'mutu.

Mu 1958 anamanga banja ndi mayi Esnath. Ntchito yawo inali yaukalipentala, ndipo ambirife zitseko zathu anakhoma ndi iwowa.

Mu 1991, atamva za Napolo wa ku Phalombe, mantha aja anabukanso. Anayamba kukhoma ndege yamatabwa yonga ya m'buku ija kuseri kwa nyumba. Mfuti sanaikepo, injini analibe, koma mpando anaukuza kuti ukwane awiri. Chomwe ankafuna n'chimodzi: madzi akadzabwera, mabwatowo adzayandamitse mayi Esnath.

Anamalira, tisabisane. Manong'onong'o tawamva, oti ija ndi ndege ya ufiti. Ana anu munawaletsa kudutsa njira ino. Malemu atadwala chifuwa mu Juni chaka chino, owazonda anali ochepa zedi. Anatisiya pa 3 Ogasiti 1996, ndipo tsiku lomwelo miyala inagwa padenga. Akuti maliro akangotha, nyumba aiotcha. Kalanga ine! Taonani mayi Esnath, sakudziwa ngati mawa akhale ndi pogona. Nafenso abale mantha atigwira.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Flora, Isaki ndi Iness, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza akuluampingo, amayi a mvano ndi adzukulu okumba manda, amene mwabwera ngakhale mitima ili m'mwamba.

Ndege ija tinaiphwasula dzulo dzuwa likuswa mtengo, akuluampingo akuona. Bokosi mwanyamula pamapewa anuli takhoma ndi matabwa a bwato lakumanja. Mwaligwira ndi manja anu, ndi matabwa basi. Lakumanzere mayi Esnath apempha kuti liwadikire lidzakhale bokosi lawo, ndipo nyumba yawo muwasiyire.

Bambo Mateyo, komwe mukupitako Napolo safikako. Usani mumtendere.