Amene Diso Langa Lamanzere Limaona

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lathu la Karonga; olemekezeka mafumu, kuyambira ku Songwe mpaka ku Mlare; mkulu wa zaumoyo m'boma lino; abusa ndi a Shehe; Dokotala Ambokile Mwangosi ndi anamwino anu; alimi anzanga a mpunga a ku Wovwe, amene manja anu anaumba njerwa za nyumba ino; amayi ndi abambo. Monire mose.

Ine ndine Fainess Mhango, wapampando wa gulu la alimi. Ndikuthokoza onse amene anatunga madzi, amene anasenza mchenga, ndi amene anangoima n'kumalangiza, poti nawonso anapsa ndi dzuwa. Chifukwa cha inu, lero tili ndi chipinda cha opaleshoni ya maso pakhomo pathu.

Muno simochotsera ng'ala ayi. Muno ndi mwa anthu ngati ine, obadwa ndi maso osaona patali, kapena maso osazungulira bwino, amene nyali iliyonse amaiona ili ndi mchira. Adokotala amacheka pang'ono m'mphepete mwa diso, n'kulowetsamo kagalasi kofewa, kopepuka kuposa mankhusu a mpunga. Kamakhala momwemo, ndipo munthu amaona. Ndikudziwa chifukwa kamodzi ndili nako, m'diso lamanja. Lamanzere lilibe, ndipo chifukwa chake ndicho ndabwera kudzakuuzani.

Ndinakula ndi magalasi ochindikala ngati tako la botolo. Sekani, sindikuletsani. Kumunda sindinkapita nawo, chifukwa akagwera m'matope a mpunga sungawapeze popanda magalasi ena. Nyengo yoingitsa mpheta, ine ndi mwamuna wanga Manase tinkagawana munda monga timachitira tonse: chingwe cha zitini chitadutsa pamwamba pa mpunga, ine kuno, iwo kumapeto uko. Nkhope yawo sindinkaiona. Ndinkangoona chinthu chakuda chachitali chitaima pamzere, ndipo chikagwedeza chingwe, chinkandikuwira ndi dzina la kwathu kuti, "NyaMsiska, mpheta zikwiza kwako!"

Manase anamwalira mpunga utangoyamba kutulutsa ngala. Maliro atatha ndinabwerera kumunda ndekha, poti mpheta sizidziwa kuti pakhomo pagwa zovuta. Nditagwira chingwe kuno, ndinakweza maso. Kumapeto kuja chinthu chakuda chachitali chinali chiimire pamalo pake.

Sindinathawe, komanso sindinapite pafupi. Sichinkakuwa. Koma zitini za kumapeto kuja zinkalira ngakhale tsiku lopanda mphepo, ndipo mbali imeneyo mpheta sizinkaterako. Anzanga muli panoyu munkandifunsa kuti ndathira chiyani m'munda. Lero mwamva. Kunyumba ndinkanena ndekha kuti mawa ndipita ndi magalasi ndikaonetsetse, koma kukacha ndinkawasiya pawindo. Ndinkaopa kumuona, ndipo ndinkaopa kwambiri kusamuona.

Patapita zaka, mwana wanga Angela atayamba ntchito, ananditenga kuwoloka Songwe kupita kuchipatala cha mumzinda wina ku Tanzania. Kumeneko anandiika kagalasi m'diso lamanja, n'kundiuza kuti ndidzabwerenso lamanjalo likapola kuti adzamalize lamanzere. Ndinabwera kumudzi ndikuwerenga zikwangwani zonse za m'njira mokweza, mpaka anthu a m'minibasi anatopa nane. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti mapiri a Nyika ali ndi mitengo.

Kenako ndinapita kumunda. Ndinaphimba diso lamanzere ndi chikhatho. Kumapeto kunali mzere, udzu, ndi chikhomo chomangapo chingwe. Munthu kunalibe, chitsa kunalibe, ngakhale chowopsezera mbalame kunalibe. Ndinasintha dzanja, n'kuphimba lamanja. Manase anali chiimire.

Ku Tanzania sindinabwerereko. Angela analira, anakalipa, mpaka anandinenera kwa abusa. "Amama, mukuopa vichi? Diso loyamba silinapweteke nkomwe." Ine ndinkangoti mpunga wandigwira. Koma kukhala ndi diso lina lakuthwa lina la nkhungu si moyo, abale anga. Mutu umawawa ngati akuusinja. Pansi sipadziwika kuti pali pati. Ndagwera m'ngalande kambirimbiri, ndipo chaka chatha ndinagwa ndi mdzukulu kumsana. Mwanayo anatuluka m'madzi ali bwino, koma kuyambira pamenepo Angela sandilola kumubereka, ndipo sindimuda.

Ndinawauza a Dokotala Mwangosi zonsezi. Sanaseke, sanandipempherere. Anati, "Mama, ine ndimadziwa kukonza diso. Za amene waima kumundako sindinaphunzire. Chimene ndingakulonjezeni n'chakuti mukatuluka muno, lamanzere lidzaona zimene lamanja likuona." Ndinawamva bwino. Anali kundiuza kuti ndisankhe.

Olemekezeka, munthu woyamba kugona pabedi la m'chipinda chino lero ndine. Madontho a m'maso andikonzera kale. Ndikunena poyera kuti mtima ukundipweteka, chifukwa wamasiye aliyense amaika mwamuna wake kamodzi, ine ndikukamuika kachiwiri. Koma ndikufuna kubereka mdzukulu wanga asanakule.

M'mawa uno ndinadzera kumunda kuti nditsanzike. Ndinaphimba diso lamanja monga mwa masiku onse. Kumapeto kunalibe munthu, ndipo mpheta zinali zitadzaza mbali imene sizinaterepo chiyambire. Ndinalira, ndikuganiza kuti wakwiya n'kuchoka osandidikira.

Mwandiona pamene timayamba mwambo ndikuika dzanja kumaso, ndipo ena mwayesa kuti ndi dzuwa. Si dzuwa. Chonde musatembenuke, simuona kanthu. Ali kumbuyoko, kuseri kwa mzere womaliza wa mipando, pamene pathera mthunzi wa tenti. Zaka zonsezi sanachokepo pamunda paja. Lero wasiya chingwe, wandiperekeza kuchipatala.

A Mhango, amuna anga, yewo. Mpunga wa chaka chino mpheta zidye.

Adokotala, ndipatseni sizasi ndidule nsaluyi ndisanasinthe maganizo. M'dzina la alimi amene anachimanga, ndi la onse amene adzalowamo akupapasa n'kutuluka akuona, ndikulengeza kuti chipinda cha opaleshoni ya maso chino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.