Mphesa za a Nkhonjera ku Kitengela

Olemekezeka oimira akazembe a dziko lathu kuno ku Kenya, Abambo Ansembe, apampando a bungwe la Amalawi okhala mu Nairobi, eni munda uno Mayi Maggie Nkhonjera ndi mwana wawo Lenah, anansi athu a kuno ku Kitengela, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza banja lino pondiitana, ngakhale kuti za ulimi wa mphesa ine ndimadziwa kumwa kokha. Abambo Ansembe, ndaona kuti mwaweramitsa mutu.

Mu 1994, mnzanga wa ku ntchito, malemu Fraser Nkhonjera, adanditengera kuno Loweruka lina. Minibasi, imene kuno amati matatu, idatisiya pamsewu wa Namanga, kotsalako tidayenda pansi. Padalibe nyumba, padalibe mtengo wa mthunzi. Udzu wouma basi, mphepo, ndi mbidzi zikudya chapatali. Ndikuyenda choncho adandigwira mkono.

"Medson, lambalala, ukuponda mphesa zanga."

Ndidayang'ana pansi, miyala yokhayokha. Koma iye adapitiriza kuyenda pang'onopang'ono, atatambasula manja ngati akusisita masamba, mpaka nanenso ndidayamba kuwaona: mizere yobiriwira ikutsikira kukhwawa, zipatso zakuda zikulendewera, fungo lokoma likubwera ndi mphepo. Tidaima nthawi yaitali m'munda umene kudalibe.

Adabzaladi. Iye ndi Mayi Maggie adagwirizana kuti mphesa zawo zizithyoledwa ndi manja, zizipondedwa ndi mapazi, ndipo vinyo azigona m'migolo yamatabwa mpaka atakhwima yekha, popanda womufulumizitsa. Vinyo woyamba adali wowawasa ngati bwemba. Tidamwa chifukwa cha ubwenzi.

Chilala cha mu 2000 chidaumitsa theka la munda, ndipo chaka chomwecho Fraser adadwala n'kutisiya. Maliro asanaiwalike, anthu ofuna kudula maploti adafika pageti. Achibale kumudzi adati amayi agulitse, abwerere kwawo. Amayiwo akadagulitsa, ine ndemwe sindikadawadzudzula.

Nthawi imeneyo Lenah adali kuyunivesite ku Kahawa. Adabwera kumapeto kwa sabata, n'kupeza amayi ake akuthirira mitengo yotsalayo ndi ndowa, umodziumodzi.

"Amayi, mwatopa?" adafunsa.

"Ndatopa, mwanangu, koma iyi ikadali ndi moyo."

Lenah adatenga ndowa yachiwiri. Sukulu adamaliza, ntchito za m'tauni zidamuitana, koma adabwerera kuno. Lero nyumba zazungulira mbali zonse, komabe mukalowa pageti paja phokoso limatsalira kunja, ndipo nthawi imayenda mwaulesi, monga momwe vinyo amafunira.

Nyumba yamiyala imene tikutsegulayi ndi yogonamo vinyoyo. M'mawa uno Lenah adandilowetsa m'katimo, mozizira ndi mwachete, n'kundionetsa mgolo wina wa pakona. Akuti umenewo sudzatsegulidwa mpaka tsiku la ukwati wa mwana wake Thumbiko, yemwe mukumuona akugona kumsanayo. Ndidasanjika dzanja pathabwalo, ndipo ndidadziwa kuti tsiku limenelo mwina ine sindidzakhalapo. Sindidadandaule. Inu achinyamata amene mudzakhalepo, mudzandimwereko pang'ono, ndipo mudzamwe mosathamanga.

Tsopano, ndi chilolezo cha Mayi Maggie, ndikulengeza kuti nyumba yosungiramo vinyo ya banja la a Nkhonjera yatsegulidwa lero.

Zikomo kwambiri.