Tambala amene ndinapita naye ku koleji

Aleluya, abale ndi alongo! Ndati aleluya! Inu, mwayankha ngati mwagona ndi njala.

Ine ndine Nabanda, uja wa tomato pamsika wa Mitundu. Ndaima pano chifukwa cha mwana wanga Tiyamike.

Mwana ndili naye ndi yekhayo. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, ndiye ndinkamulera ngati dzira. Womudzutsa, ine. Womuchapira yunifolomu, ine. Akalakwa kusukulu, wokapepesa kwa ahedi, ine ndemwe. Atasankhidwa kupita ku koleji ya uphunzitsi ndinavina mpaka mpango kugwa. Koma ngakhale ali kumeneko, m'mawa uliwonse ndinkamuimbira foni: "Dzuka mwanawe, kwacha."

Abale, ku koleji kulibe wokuthamangitsa ndi chikwapu. Ine ndikaimba, iye ankati, "Ndadzuka, amayi," foni n'kuika pansi pa pilo, tulo n'kupitiriza. Chaka chitatha anabwera ndi chikwama chake, mayeso walephera, amuchotsa. Akuti aphunzitsi amamuda. Akuti tsiku la mayeso netiweki inavuta, foni yanga sinalowe. Ine n'kukhulupirira. Mayo ine!

Ndinagwira tambala wanga wamkulu, kumumanga miyendo, n'kukwera minibasi. Kwathu kuno munthu akalakwa timapepesa ndi nkhuku, si choncho? Musaseke, amayi, nanunso mukanatero.

Ndinalowa mu ofesi ya bambo oyang'anira ophunzira, tambala ali kukhwapa, n'kugwada. Iwo anandidzutsa mwaulemu.

"Mayi, khalani pampando. Mwini nkhaniyi ali kuti?"

"Ali kunyumba, bambo."

"Akudwala?"

"Ayi. Ndamusiya akugona."

Anayang'ana tambala uja. Kenako anati, "Nkhukuyi bwererani nayo. Mwayi wobwereza chaka ulipo, koma Lachisanu titseka kalembera. Abwere yekha, alankhule ndi pakamwa pake. Mukabweranso inu, malo ake tipatsa wina."

Ndinalira m'minibasi, abale. Ndinalira, tambala ali pamiyendo, anthu n'kumayesa ndikupita kumaliro. Ndinati, Ambuye, thukuta langa lonse lija lathera pamenepa? Ndipo mumtima ndinamva mawu: mwanayu umubereka kumbuyo mpaka liti? Mutsitse ayende.

Nditafika kunyumba, Tiyamike anandichingamira. "Amayi, akuti bwanji?"

Ndinati, "Akuti upite wekha, lisanadutse Lachisanu. Ndipo kuyambira lero sindikudzutsanso. Sukuluyi ndi yako, ine yanga ndi tomato."

Anakwiya, anasiya kundilankhula. Masiku akupita, iye ali chigonere. Ine ndikamadutsa pachitseko chake dzanja linkachita kuyabwa kuti ndigogode. Amayi anzanga, kukhala chete kuja kunandiwawa kuposa kubereka. Ndinkangopemphera, basi kupemphera.

Lachisanu m'mamawa tambala yemwe uja analira. Ndinadzuka. Kuyang'ana, chitseko chake chili chotsegula, mphasa yapindidwa, mwana palibe. Wapita! Wapita yekha, popanda womugwedeza!

Madzulo anabwera maso ali ofiira. Anati, "Amayi, ndawauza zoona. Ndawauza kuti ndinkagona, m'kalasi sindinkalowa, palibe amene ankandida. Andilandira."

Anabwereza chaka pamodzi ndi amene anali pambuyo pake. Ena ankamuseka, iye manyazi anawameza. Ndikamufunsa ngati ndiyambenso kumuimbira, ankati, "Ayi, amayi, mugone." Lero ndi mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale ku Nathenje, ana a eni ake akumutcha madamu.

Ndikuthokoza Mulungu, abale. Ndikuthokozanso bambo aja amene anakana nkhuku yanga. Akanangoilandira, bwenzi mwana wanga akugonabe.

Ine ndikugulitsabe tomato, msana wayamba kuvuta, tulo ta m'mawa tayamba kundikomera. Ndiye masiku ano kusanache foni yanga imalira. Ndikayankha, ndimamva: "Amayi, dzukani, kwacha, tomato wabwino atha kopikula."

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni!