Botolo la Mayi a Esinati

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Izi sindinauzepo munthu, ngakhale mwana wanga Esinati wakhala apoyo.

Mayi ake atadwala mutu wosaleka, khosi litauma, adokotala anati tizilombo tangati chuku talowa mu ubongo chifukwa thupi linali lofooka. Anawapatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse. Anachira ndithu, mpaka anabwerera kukathyola tiyi.

Inu a kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti, mukudziwa mmene zala za kumapazi zimanyekera ndi mame a m'tiyi. Zanga zinanyeka. Ndinamwako mapiritsi awiri a mkazi wanga, zilonda zinauma. Mbiri inamveka. Anzanga anayamba kubwera pakhomo: "Achimwene, tigaireniko tija." Kumalaini sitimanana mchere, ndiye ndikanamana mankhwala? Ndinkagawa, abale. Ndinkagawa. Botolo likatha mwezi usanathe, ndinkawauza mayiwo kuti, "Mwachira kale inu, dikirani tsiku la kuchipatala."

Mutu uja unabwerera. Anawaonjezera mapiritsi omwe aja, osagwira. Adokotala anandiyang'ana. "Bambo, tizilomboti tazolowera mankhwala. Kodi ankadumphitsa masiku?" Ine ndinati ayi. Tinawaika m'manda nyengo ya chiperoni.

Botolo lopanda kanthu lija ndinalisomeka kudenga. Chiperoni chikatsika masana, mizere ya tiyi osaoneka, linkalira lokha, wayawaya, ngati munthu akugwedeza kuti amve zotsalamo. Ndikalitsitsa, mulibe kanthu. Zaka zonsezi. Ndinalowa sukulu ya kwacha ndili ndi imvi kale, ndipo mawu oyamba amene ndinawerenga ndekha anali a pabotolopo, olembedwa ndi anesi: dzina la mkazi wanga, kenako "musasiye kumwa."

Chaka chatha matenda omwewo anagwira Esinati. Anamuika madiripi, anadzuka, anabwera kunyumba ndi botolo lake. Tsiku lomwelo mnzanga wakale anaima pakhomo m'chiperoni, nkhope osaoneka bwino, nsapato zili m'manja.

"Achimwene, awiri okha."

Abale, dzanja langali linali litafika kale pachitsekero cha botolo la mwana wanga. Pomwepo kudenga kunalira. Wayawaya. Mnzangayo anamvanso, mpaka anakweza maso. "Muli ndi ena m'mwambamo?" Ndinabweza botolo, ndinamuuza apite nazo kuchipatala zala zakezo, ndinatseka chitseko.

Esinati sanadumphitsepo tsiku, ndipo mankhwala akumugwira. Imirira mwanangu, akuone. Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira dzanja tsiku lija. Kondwerani nane, abale! Amayi, nthungululu!

Mnzanga uja atapita, kutacha ndinatsitsa botolo lakale lija, ndinapita nalo kumanda. Ndinaliika kumutu kwa manda a mkazi wanga, ndinavula chipewa, ndipo ndinayankha mokweza funso la adokotala lija: "Eya, ankadumphitsa. Ndinkagawa ndine."