Njoka za Bambo a Kunyumba

Mayi Sikelo, mwini butchala ya nyama ya ng'ombe, analowa m'chipinda chopimira osagogoda. Amuna awo anali atatuluka njoka ya m'mimba yaitali ngati lamba, msewu wonse unkati yachokera m'nyama ya mayiwo, ndipo woyendera nyama anali atanena kuti akapanda kuona kalata yowayeretsa pofika Lachisanu, adzakhoma loko pachitseko.

Wopima, bambo wadazi wa magalasi okhuthala, anali pampando wake. Patebulo panali botolo la jamu limene mayiwo anabweretseramo njokayo masabata atatu apitawo.

"Mwapima?"

"Tapima."

"Ndiye lembani kuti si yanga."

"Si yanu, mayi. Ndi ya amuna anu. Zalembedwa pabotolopa."

"Ndikunena ng'ombe zanga, bambo inu!"

"Oho. Khalani pansi."

"Sindikhala. Ndasiya mwendo wathunthu pambedza."

Wopima anapukuta magalasi ake mosafulumira.

"Njoka zimenezi zili ndi mitundu. Ina imadzera m'ng'ombe, ina m'nkhumba. Ndi maso zimafanana. Ndiye timadula kachidutswa, n'kuwerenga chibadwa chake, chimene inatengera kwa makolo ake."

"Ili ndi makolo?"

"Kholo limodzi limakwana. Imatha kudzikwatira yokha."

"Yochenjera," anatero Mayi Sikelo. "Ndiye iyi?"

"Ya nkhumba."

Apo mayi anakhala pansi. Anaganiza za loko uja, za makasitomala amene ankadutsa pabutchala atayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Mwamva inu! Ine nkhumba sindigwira, ngakhale mchira. Lembani. Zilembo zikuluzikulu, ndikamate pagalasi. Chidindo mumenye kawiri."

"Chidindo chimamenyedwa kamodzi."

"Mumenye mwamphamvu."

Wopima anasolola pepala n'kuyamba kulemba, akutchula mawu onse: "Mwamuna wa mwini butchala anadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino..."

"Imani kaye. Anadya ndani?"

"Amuna anu."

"Fufutani. Amuna anga sadya nkhumba. Imawatulutsa zidzolo."

"Za zidzolo sitinapime."

"Ndikukuuzani ine mkazi wawo. Yalowa ndi utsi. Pali mayi wina kutsidya kwa msewu wathu, wamilomo yofiira, amawotcha nkhumba tsiku lonse. Utsi wake umalowa mpaka kuchipinda kwathu."

"Siyenda ndi utsi."

"Ndi ntchentche."

"Ayi."

"Moni wa m'manja. Bambo a kunyumba ndi munthu waulemu, aliyense amamupatsa dzanja."

"Ya m'matumboyi imafuna kutafuna, mayi. Munthu atenge nyama, aike m'kamwa, ameze."

Mayi Sikelo anakonza thumba lawo pamiyendo. Chabwino, anaganiza, mwamuna ndi mwamuna, amatha kutola kanthu pambale ya mnzake osafunsa.

"Kamodzi," anatero. "Mwangozi. Lembani kuti mwangozi."

"Pafomu palibe malo a mwangozi. Komanso mitu inali iwiri."

"Ya ndani?"

"Ya njoka. M'botolomu munali njoka ziwiri zopotana. Zonse za nkhumba."

"Mapasa. Zinalowa limodzi, nthuli imodzi."

"Nafenso tinaganiza choncho," anatero wopima, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yake inawala. "Koma si zapachibale chapafupi! Ngakhale pakati pa njoka za nkhumba pali mabanja. Zimasiyana pang'ono pang'ono, ngati anthu a mtundu umodzi koma nyumba zosiyana. Ine zaka khumi ndi zinayi pantchito ino sindinaonepo mabanja awiri m'mimba imodzi. Amuna anu atithandiza kwambiri."

"Ndidzawauza."

Wopima anaimirira n'kupita pakhoma pamene panali mapu a tauni obayidwa timapini tamitundu.

"Chaka chatha tinayendera malo onse ophera ndi ophikira nkhumba, kutenga timatuza toyera ta njokazi topezeka m'nyama. Banja lililonse tinalipatsa mtundu wake wa pini. Yoyamba ya amuna anu ikufanana ndi ofiirawa."

Mayi Sikelo anafika pafupi. Mapu sankawadziwa kwenikweni, koma msewu wawo anauzindikira. Pini wofiira anali atabaya kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndendende ndi chitseko cha butchala.

"Pamenepa ndi pa ndani?"

"Mayina sititchula. Ndi malo nambala folo."

"Nambala folo amapaka milomo?"

"Sitinalembe."

"Nanga yachiwiri?"

Chala cha wopima chinayenda ulendo wautali, kudutsa msika, kudutsa njanji, n'kuima pa pini wobiriwira kuseri kwa depoti ya mabasi.

"Banja limeneli tinalipeza pano pokha. N'losowa kwambiri."

Kuseri kwa depoti. Kumene bambo a kunyumba ankapita Loweruka lililonse kukakonzetsa njinga. Njinga imene inali isanachire chaka chachitatu.

"Mwina nyamayo inayenda," anatero mayi, mawu ali pansi. "Wina anaigula uko, n'kudzaigulitsa kuno."

"N'zotheka," anavomera wopima. "Koma a kudepotiwo, nambala ileveni, sagulitsa yaiwisi. Amaphikira anthu pakhonde. Mipando ndi iwiri yokha."

"Iwiri."

"Tinakhalapo. Ndi malo abata."

Mayi Sikelo anabwerera pampando. Wopima anapitiriza kulemba, cholembera chikulira papepala.

"Chofunika tsopano, mayi, n'chakuti nonse a pakhomo mubwere tikupimeni. Mtundu wa nkhumbawu mazira ake ndi oopsa, amatha kukafika kuubongo. Muzisamba m'manja ndi sopo."

"Yosapsa bwino, mwatero?"

"Eya. Zimachitika munthu akamadya mofulumira."

"Mofulumira."

"Kapena wophika akakhala ndi zina zomutangwanitsa. Sopo, mayi, musaiwale."

"Kunyumba amati alibe njala. Amati ndi ukalamba."

"Njoka zinali zonenepa ndithu," anatero wopima. "Zinkasamalidwa."

Anamenya chidindo kamodzi, mwamphamvu monga anapemphedwa, n'kukankhira kalatayo kwa mayiwo.

"Nayi. Woyendera nyama sadzakuvutaninso. Nyama yanu ilibe mlandu. Mwa amuna anu simunapezeke njoka ya ng'ombe."

Mayi Sikelo anayang'ana kalatayo osaigwira. Anakumbukira chiwindi chimene ankapatula m'mawa uliwonse makasitomala asanabwere, nthiti zimene ankakaniza anthu a ndalama zawo m'manja, kuti bambo akadye kunyumba.

"Ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi."

"Kakang'ono? Kongoyamba kumene?"

"Palibe. Mwina mumapsetsa bwino."

"Musandinyengerere. Iwo amakonda yofiira m'kati, ndipo ndimawaphikira momwemo."

"Ndiye kuti ng'ombe zanu n'zaukhondo. Ndi nkhani yabwino, mayi. Si zimene munabwerera?"

Mayi anatenga botolo la jamu lija, kuliyang'ana pa kuwala kwa windo, n'kuliika pamaso pa wopima.

"Pimaninso."

"Tapima katatu."

"Pimani kachinayi. Wamilomo yofiira ali ndi yake, wa kudepoti ali ndi yake. Ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikumuphikira munthu ameneyu, yanga isowemo bwanji?"