Kwaya ya akazi anga inasanduka zogwetsana

Aulutsi, werengani pang'onopang'ono, nkhaniyi ikundinyansabe. Ndine nkhalamba ya pa famu ya fodya ku Darwendale, ndipo ndili ndi vidiyo ya makaseti imene bwana wakale anandisiyira. Kale inkajambula tchanelo china, ine ndikuonera china. Pano za dijitozi anatigulitsa kabokosi, ati dikoda.

Kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu inakajambulidwa ku Harare. Tsiku loti ituluke pa TV, akazi anga anali kumaliro ku Norton. Ponyamuka anati, "Abambo, mundijambulire, nanenso ndidzadzione."

Ndinalumikiza zingwe, kaseti m'kati, batani lofiira dinu. Amayi atangoyamba kuimba, ndinachita zanga zakale, kusinthira ku masewera ogwetsana. Ndani anandiuza kuti masiku ano vidiyo imameza chokhacho chimene dikoda ikuonetsa?

Lamulungu akazi anga anabwera ndi kwaya yonse, mayunifolomu mbee, amayi busa patsogolo. Kaseti inaimba mzere umodzi basi. Kenaka tinangoona zimphona za makabudula am'kati, thukuta kamukamu, zikukhalirana pamutu.

"Sekuru, nyimbo yake ndi iti imeneyi?" anafunsa amayi busa (Sekuru ndiye kuti agogo kunoko).

Ndinati, "Ndime yachiwiri, mayi."

Palibe anaseka. Akazi anga anangotola mpango wawo nkutuluka. Zaka zonsezi akuimba, sanadzionepo pa TV, ndipo pulogalamuyo sanaibwerezenso. Mpaka lero tiyi ndikudziphikira ndekha.

Madala anzanga, makina atsopanowa alibe ulemu. Mukadina batani lofiira, rimoti muziikhalira.