Dzanja Lamanzere la Mayi Dolores

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndalemba umboni uwu chifukwa amayi awiri amene ankaidziwa nkhaniyi kuposa ine onse anatisiya, ndipo ndikapanda kuilemba idzathera mwa ine. Ndi nkhani ya masabata atatu amene ndinatsala pang'ono kupha munthu ndi njala, ndikuyesa kuti ndikumuchitira ulemu.

Ndine wophunzira za unamwino ku Indianapolis. M'chaka cha 2014 ndinkagwiranso ntchito ya m'mawa panyumba yosamalira okalamba ku Beech Grove. Kumeneko anabweretsa Mayi Dolores, mzungu wa zaka 88 wopanda mwana kapena mbale, amene matenda oiwala anali atawalanda mawu. Udindo wanga unali kuwathandiza kudya. Pamapepala awo panalembedwa kuti amagwiritsa ntchito dzanja lamanja, ndipo sindinakayike. Kwathu ku Ntcheu dzanja lamanzere silidyera, siliperekera moni, silipatsira wamkulu chinthu. Choncho ndinkaika supuni kumanja, ndipo lamanzere likanyamuka kulunjika mbale, ndinkalibweza pabulangete mofatsa, monga ankandichitira mayi anga ndili mwana.

Iwo ankangotseka pakamwa. Ndikayesa kuwadyetsa ankatembenukira kukhoma. Dzanja lobwezedwalo linkatsala litapinda zala, ziwiri pamwamba, chachikulu pansi, ngati lagwira chinthu chimene ine sindikuchiona. Sabata yachitatu dokotala ananena kuti akapanda kudya pofika Lachisanu awaika paipi yodyetsera, ngakhale ankakayika ngati thupi lawo lingapirire.

Mayi anga anamwalira chaka chimodzi izi zisanachitike, atakana chakudya masiku ambiri, ine ndili kuno. Ndikanyamula mbale yodzaza kubwerera nayo kukhitchini, ndinkaona mbale ya mayi anga ija imene sindinaigwire. Zala zopindazo zinkandibwerera m'kalasi, pabasi, ngakhale pakati pa nyimbo. Kupemphera kunandikanika.

Lamulungu ndinapita kumapemphero a Amalawi ku South Bend. Popempha mapemphero ndinatchula dzina loyamba lokha la Mayi Dolores, ndipo mosadziwa ndinapinda zala zanga momwemo. Titamaliza, Mayi Nachisale, amene ankasamalira gogo wina kunyumba kwake mumzindawo, anandigwira pamkono.

“Tadala, tapindanso zalazo. Abale inu! Agogo anga a Peggy amapinda chomwecho akayamba za mnzawo Dolores, amandibowa nazo shifiti yonse. Anasowana kalekale. Lachiwiri ndiwakweza galimoto.”

Anabweradi. Mayi Peggy analowa akukhwekhwereza choyendera chawo, nayang'ana mnzawoyo, nayang'ana supuni.

“Wakupatsa supuni kudzanja laulesilo ndani? Chibadwire limangodziwa kusaina!”

Anatulutsa m'chikwama mpira wakale wofiirira wa besibo, masewera a kuno omenya mpira ndi ndodo, nauika m'dzanja lamanzere la mnzawoyo. Unalowa ndendende m'malo amene zala zija zinkasunga. Kenaka anakhala moyang'anana nawo, natsitsa zala ziwiri pakati pa mawondo, chizindikiro chimene wowakha mpira amauzira nacho woponya mtundu wa kaponyedwe. Mayi Dolores anayang'anitsitsa, napukusa mutu.

“Taonani nkhalamba yamakani!” anatero Mayi Peggy, akuseka misozi ikutsika. “Zaka makumi asanu ndi limodzi, ukadandikanabe!”

Anatsitsa chala chimodzi. Mayi Dolores anavomera ndi mutu, ndipo mpira unagwera pamiyendo ya mnzawo. Ine ndinatenga supuni ndi manja awiri n'kuiika kumanzere. Mayi Dolores anadya phala masupuni asanu ndi awiri. Ndinawerenga. Lachisanu litafika, za paipi sizinatchulidwenso.

Masana amenewo Mayi Peggy anandisimbira mbiri yawo. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, amuna ambiri atapita kunkhondo, akazi anayamba kulipidwa posewera besibo. Dolores anachoka kumunda kwa makolo ake ali mtsikana, nakhala woponya mpira ku South Bend, Peggy ali wowakha wake. Ankawaveka masiketi aafupi, moti potsetsereka pansi ntchafu zinkasupuka, koma mawa lake ankaseweranso. Poyamba ankaponya mkono ukudzera m'munsi. Malamulo atasintha anaphunzira kuudzeretsa pamwamba, ndipo phewa linayamba kuwawa, iye osauza munthu. Mpikisanowo utatha m'zaka za m'ma 1950, Dolores anasamukira ku Indianapolis, nagwira ntchito m'fakitale mpaka kupuma, osatchulanso za mpira.

Za mapepala aja, Mayi Peggy anati kusukulu aphunzitsi ankamumanga dzanja lamanzere kumpando kuti alembe ndi lamanja. Apa ndi pamene pamandilemera mpaka lero. Dzanja limenelo linamangidwa ali mwana, linamasuka pabwalo zaka zochepa chabe, ndipo womaliza kulibweza ndinali ine, ndikumwetulira.

Mayi Dolores anakhala ndi moyo miyezi ina isanu ndi itatu, akudzidyetsa okha. Mayi Peggy anatsatira chaka chinacho, ndipo mpirawo uli ndi Mayi Nachisale. Sindinganame kuti zalazo zinasiya kundibwerera. Koma tsopano zikabwera zimakhala zitagwira kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero limene ine ndinalephera kulipemphera, kudzera m'nthano zimene mayi wina ankatopa nazo. Inu amene mukusamalira okalamba a eni kuno, anu atatsala kutali, musafooke. Dzanja likanyamuka, yambani mwaona kumene likupita.

Mawu a masewerawa ndawaika m'Chichewa ndekha, ndipo mbiriyi ndinaimva kamodzi kokha kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi anayi. Amene waona pamene ndalakwitsa, chonde andilembere ndikonze, pakuti sindifuna kuwalakwira Mayi Dolores kachiwiri.